Msokonezi pa gemu: nkhani ya mamita ndi masekondi

Gemu ya Free Fire ikatha, maso a aliyense amathamangira pa nambala imodzi: wagwetsa angati? Amene wagwetsa ambiri ndiye dolo, enawo amati anangoperekeza. Koma pa timu pamakhala ntchito ina imene nambala imeneyi siionetsa, chonsecho kawirikawiri ndi imene imagamula nkhondo yonse. Ndi ntchito ya msokonezi, wosewera amene amalanda adani maso, miyendo kapena mphamvu zawo kwa kanthawi kochepa kuti anzake amalize ntchito.

Ambiri amene amayesa udindo umenewu amausiya pakangotha masiku awiri, ati ndi wofooka. Amadina batani, kuwala n'kuphulika pa sikirini, koma palibe chimene chasintha, timu n'kugonja basi, bandulo yapita. Chimene sanaone n'choti mphamvu ya msokonezi imayezedwa ndi zinthu ziwiri zomwe mumalemba tsiku ndi tsiku m'kope la fizikisi: mamita ndi masekondi. Kwa ife amene tikusewera tili ku Mwanza kuno palinso chachitatu, kuchedwa kwa uthenga pa intaneti. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Msokonezi ndi ndani kwenikweni?

Tiyambire pa bwalo la ntchemberembaye, poti nonse mumalidziwa. Mtsikana wovala WD saloledwa kulowa mu seko yogoletsera, ndipo sangachinye ngakhale chigoli chimodzi. Nanga phindu lake n'chiyani? Malamulo amati wogwira mpira auponye asanathe masekondi 3, ndipo womutchinga aime mamita 0.9 kuchokera pa iye. WD wabwino amasewera ndi manambala awiri amenewa. Amatseka njira ya WA kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, woponya n'kusowa womupatsira, kenaka n'kuponya mwaphuma. Mpira ukalandidwa, m'manja amaombera amene wauwakha, koma amene anaphika zonsezo ndi WD uja.

M'magemu omenyana ndi chimodzimodzi. Munthu wa mu gemu amene mumasankha, yemwe osewera amangoti character, mu phunziro la Chichewa mukanati mtengambali, amakhala ndi skill yake, kutanthauza mphamvu yapadera. Asokonezi tingawaike m'magulu atatu.

Oyamba ndi olanda maso. Bomba la utsi mu PUBG Mobile silivulaza munthu, limangotchinga kuti mdani asaone zimene mukuchita. Bomba lothobwa m'maso limachita zomwezo pogwiritsa ntchito kuwala kochuluka.

Achiwiri ndi olanda miyendo. Franco wa mu Mobile Legends amaponya ngowe n'kukoka mdani kumuchotsa pakati pa anzake. Ena amachedwetsa mdani kapena kumuimitsa malo amodzi.

Achitatu ndi olanda mphamvu. Mu Overwatch, gemu ya kampani ya Blizzard, muli Sombra, amene anafika mu 2016 ndi chida chozimitsa ma skill a adani onse omwe ali pafupi. Mu Free Fire, gemu imene kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa mu 2017, muli A124, amene mu 2022 anamusintha kuti azitulutsa funde loletsa adani kugwiritsa ntchito ma skill awo. Ganizani mdani amene amadalira Alok kuti azichira, kapena Chrono kuti abisale m'chishango: funde lija likamupeza, watsala munthu wamba. Mulinso Skyler, amene funde lake la mawu limaphwanya ma gloo wall, makoma aja obisalako.

Gulu lachitatuli ndilo latenga dzina ku fizikisi, ndiye tiimepo pang'ono.

EMP yeniyeni

Chida cha Sombra amachitcha EMP, chidule cha electromagnetic pulse, kutanthauza kuphulika kwadzidzidzi kwa mphamvu ya magetsi ndi maginito. Si nthano ya opanga magemu ayi, chinthuchi chilipo.

Mu 1831 Michael Faraday anapeza kuti mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa voteji. Maginito ongokhala phee pafupi ndi waya sachita kanthu. Chofunika ndi kusintha, ndipo kusinthako kukakhala kwachangu, voteji imakulanso. Dayinamo ya njinga imayatsa getsi motero. Majenereta a pa Nkula ndi Tedzani pa mtsinje wa Shire amapanga magetsi motero. Thiransifoma ya pa mtengo pa boma paja imagwiranso ntchito motero. Ndi mutu womwe uja wa electromagnetic induction umene mumakumana nawo pokonzekera MSCE.

Tsono taganizani kusintha kwakukulu kochitika m'kanthawi kochepetsetsa. Mphenzi imodzi imanyamula ma ampere pafupifupi 30,000, pamene tchaja ya foni imapereka amodzi kapena awiri. Karenti imeneyi imakwera kuchoka pa ziro kufika pamwamba m'kachigawo kakang'onong'ono ka sekondi. Waya aliyense amene ali pafupi, kaya wa magetsi, kaya wa eriyo, amalandira voteji imene sanaipemphe. N'chifukwa chake nyengo ya dzinja anthu amadandaula kuti TV kapena dikoda yapsa chonsecho mphenzi sinagwe pa nyumba pawo. Ndiye akuluakulu akamati zulani mapulagi mvula ya ziphaliwali ikamabwera, akunena fizikisi yolondola.

Anthu anapanganso EMP yaikulu. Pa 9 July 1962 dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya makilomita 400 m'mwamba, pamwamba pa nyanja ya Pacific, pa kuyesa kumene anakutcha Starfish Prime. Ku Hawaii, mtunda wa makilomita oposa 1,400, magetsi a mumsewu pafupifupi 300 anazima. Dzuwa nalo limatha kuchita zofanana: pa 13 March 1989 namondwe wa maginito wochokera ku dzuwa anagwetsa magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada, anthu okwana 6 miliyoni n'kukhala mumdima kwa maola 9. Chimene chinakola mphamvu ya namondweyo ndi mawaya ataliatali onyamula magetsi, a mtundu wa aja amene nsanja zake zadutsa m'boma lathu lino kuchokera ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka. Waya akatalika, amakola zambiri.

EMP ya mu gemu imasiyana ndi yeniyeni m'njira zitatu. Yeniyeni sidziwa timu, imawononga za mdani ndi zako zomwe. Yeniyeni ikapsereza chipangizo, chapsa basi, sichidzuka pakatha masekondi anayi. Ndipo yeniyeni ilibe malire ooneka: funde likamafalikira mbali zonse mphamvu yake imachepa pang'onopang'ono, moti ukawirikiza mtunda kawiri mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo 4, ukawirikiza katatu imatsala gawo limodzi mwa 9. Opanga magemu anaona kuti izi n'zovuta kusewera nazo, ndiye anangojambula bwalo: uli mkati wagwidwa, uli kunja wapulumuka. Izi zimatithandiza, chifukwa bwalo tingathe kuliwerengera.

Mamita: bwalo lanu ndi lalikulu bwanji?

Opanga magemu amasintha manambala pafupipafupi, ndiye pano tigwiritsa ntchito manambala oyerekeza. Inu mukaone enieni pa character wanu n'kuwaika m'malo mwake. Tiyerekeze kuti:

- funde lanu limafika mamita 8 kuchokera pamene mwaima;
- mdani wogwidwa amakhala wopanda skill kwa masekondi 4;
- mukadina batani mumadikira masekondi 60 kuti lidzadzenso, nthawi imene osewera amaitcha cooldown;
- munthu wothamanga mu gemu amayenda mamita 6 pa sekondi.

Kukula kwa bwalo timakupeza ndi πr². Ndi radius ya mamita 8, tikupeza 3.14 × 8 × 8, omwe ndi masikweyamita pafupifupi 201. Radius ikanakhala mamita 4, bwalo likanakhala la masikweyamita 50 okha. Mwaona? Radius yatsika ndi theka, koma malo atsika kanayi. Choncho opanga gemu akachepetsa radius ya character wanu kuchoka pa 8 kufika pa 6, musamati achotsa pang'ono. Malo atsika kuchoka pa 201 kufika pa 113, pafupifupi theka lapita.

Pali chinanso chimene ambiri saganizira. Ngati funde limachokera pa thupi lanu, inuyo ndinu pakati pa bwalo. Adani amakhala kutsogolo kwanu, ndiye theka la bwalo limene lili kumbuyo kwanu likungogwira mphepo. Mukadina batani mdani woyamba akangolowa m'mphepete mwa bwalo, mwagwira mmodzi yekha, anzake atatu ali kunja. Kuti mugwire ambiri muyenera kulowa mkati mwawo, kapena kuwadzera cham'mbali. Apa ndi pamene msokonezi amafunika mtima: ntchito yake imamukakamiza kuyandikira kuposa wina aliyense, pamene mfuti yake si yoopsa kwambiri. Yendani motsatira makoma, miyala ndi nyumba, kuti mtunda womaliza woonekera ukhale waufupi.

Malo amathandizanso. Pabwalo poyera adani anayi amamwazikana mamita 20 kapena 30, bwalo lanu silingawakwane. Pakhomo, pa masitepe, pa mlatho kapena kuseri kwa gloo wall imodzi amaunjikana okha. Zili ngati pa chipata cha Mwanza: mumsewu wa M6 mathiraki amayenda motalikirana, koma akafika pa bodala onse amandandalikana malo amodzi. Msokonezi wanzeru amadikirira adani pa bodala.

Funso lina lofunika kuliyesa ku malo ophunzirira a gemu yanu ndi ili: kodi mphamvu yanu imagwira mdani kamodzi n'kumumatirira kulikonse kumene athawire, kapena imagwira pokhapokha ali m'bwalomo? Ngati ndi yachiwiriyi, nthawi imene mdani amathera mkati ndi mtunda kugawa ndi liwiro. Amene ali pakati penipeni afunika 8 ÷ 6, sekondi 1.3, kuti atuluke. Amene ali mita imodzi kuchokera m'mphepete afunika 1 ÷ 6, masekondi 0.17 basi. Ameneyo simunamugwire n'komwe. Mphamvu ya mtundu umenewu iikeni potsekereza njira imene mdani akufuna kuthawira.

Masekondi: zenera limatseguka kanthawi kochepa

Masekondi 4 pa masekondi 60 alionse ndi gawo limodzi mwa magawo 15. Nthawi ina yonseyo ndinu wosewera wamba. Ndiye funso lalikulu la msokonezi ndi lakuti: masekondi anayi amenewa ndiwagwiritse ntchito liti?

Njira yosavuta yoyezera ndi kuchulukitsa adani ogwidwa ndi masekondi. Mdani mmodzi kwa masekondi 4, mwapeza 4. Adani atatu, mwapeza 12. Batani ndi lomwelo, cooldown ndi yomweyo, koma phindu lawirikiza katatu. Komabe musapitirire nazo. Wodikirira kuti adani onse anayi aunjikane amatha kugwetsedwa batani lake lili lodzaza, ndipo pamenepo wapeza ziro. Ngati raundi ikutenga mphindi ziwiri, mphamvu ya cooldown ya masekondi 60 mungaigwiritse ntchito kawiri, mwinanso katatu. Awiri otsimikizika amaposa anayi a m'maloto.

Chachiwiri, masekondi amenewa ndi opanda pake ngati palibe wowagwiritsa ntchito. Tiwerengere. Mnzanu wowombera ali mamita 30 kumbuyo kwanu. Pa liwiro la mamita 6 pa sekondi afunika masekondi 5 kuti afike. Zenera lanu ndi la masekondi 4. Pamene akufika, adani mphamvu zawo zabwerera, inu mwagona kale, iye akukumana ndi anthu anayi okwiya. Tsono ngati mnzanuyo afunika masekondi 2 kuti agwetse mdani, zikutanthauza kuti watsala ndi masekondi 2 oyendera, omwe ndi mamita 12. Limenelo ndiye lamulo lanu: musadine batani ngati mnzanu ali kutali kuposa mamita 12, pokhapokha ngati mfuti yake ikuwaona kale adaniwo kuchokera pamene ali.

N'chifukwa chake msokonezi ayenera kuyankhula. Nenani zimene mukufuna kuchita musanachite: "Ndikulowa, konzekani, atatu, awiri, imodzi." Mukanena mutadina kale, anzanu amataya sekondi yathunthu akumva, kuganiza ndi kutembenuka, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a zenera lija lapita.

Chachitatu, yang'anani cooldown ya mdani. Ngati Alok wa adani wangogwiritsa kumene skill yake, batani lake ndi lopanda kanthu kale. Kumuzimitsa pamenepo kuli ngati kutseka mpopi tsiku limene madzi sakutuluka. Nthawi yabwino ndi pamene mdani akuifuna skill yake koma sanaidine: pamene wangovulazidwa ndipo akuthamangira kukachira, kapena pamene anzanu ayamba kumuthira moto ndipo akufuna chishango. Choncho msokonezi amawerenga mawotchi awiri, yake ndi ya mdani. Mukaona mdani watulutsa chishango, yambani kuwerenga chamumtima. Pakapita masabata angapo mudzayamba kumva nokha kuti chatsala pang'ono kudzadzanso.

Chomaliza pa nkhani ya nthawi: ngati pa timu muli asokonezi awiri, musadine limodzi. Masekondi 4 ndi masekondi 4 oyambira nthawi imodzi amakhala 4 basi. Wachiwiri akadikira kuti woyamba atsale pang'ono kutha, mumapeza pafupifupi 8.

Ping: mdani amene mukumuonayo wachokapo kale

Pakona pa sikirini pamakhala kanambala kolembedwa ms. Imeneyo ndi ping, nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa foni yanu kukafika ku seva ya gemu n'kubwerera. Amaiyeza m'mamilisekondi, ndipo mamilisekondi 1,000 ndi sekondi imodzi.

Uthenga wanu umachoka pa foni ngati funde la wailesi kupita pa nsanja ya netiweki. Kuchoka apo umalowa mu fibre, ulusi wagalasi wonyamula kuwala. Mumlengalenga mopanda kanthu kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, koma m'galasi kumachedwerako, pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Ndiye kuti pa milisekondi imodzi kumayenda makilomita 200.

Makampani a magemu amaika ma seva awo m'mayiko ochepa: ena ku South Africa, ena ku Ulaya kapena ku Middle East. Kuchoka ku Mwanza kupita ku Johannesburg molunjika ndi makilomita pafupifupi 1,350. Kupita ndi kubwera ndi 2,700. Kugawa ndi 200, tikupeza mamilisekondi 13.5. Kupita ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, kupita ndi kubwera 16,000, ndiye mamilisekondi 80. Manambala amenewa ndi malire a chilengedwe pa uthenga wodutsa mu fibre. Ngakhale mutagula foni yodula bwanji, simungawatsitse, chifukwa palibe uthenga umene ungapose kuwala.

Koma ping yanu imakhala yokwera kuposa pamenepa, chifukwa fibre siyenda molunjika. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, ndiye intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nafe kuti ikafike pa zingwe za pansi pa nyanja monga Seacom, chimene chinayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy, cha mu 2010. Imodzi mwa njira zimenezi imatulukira kwathu konkuno, pa malire a Mwanza ndi Zobue. Panjira uthenga umaima pa makina ambiri oulondolera, ndipo paliponse pamene waima umadikira pamzere. Pa 12 May 2024 zingwe za Seacom ndi EASSy zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inavuta m'Malawi ndi m'mayiko ena a kum'mawa kwa Africa, chifukwa mauthenga onse anapanikizana pa njira zotsala, zambiri mwa izo zazitali.

Nanga izi zikumukhudza bwanji msokonezi? Tiyerekeze kuti ping yanu ndi 150. Chithunzi cha mdani chimene mukuona chinanyamuka ku seva mamilisekondi 75 apitawo. Mukadina batani, lamulo lanu litenganso 75 kuti likafike. Pamodzi ndi masekondi 0.15. Mdani wothamanga mamita 6 pa sekondi wasuntha mamita 0.9. Onjezerani thupi lanu: kuchoka pamene diso laona kufika pamene chala chadina, munthu amatenga pafupifupi masekondi 0.25. Zonse pamodzi ndi masekondi 0.4, ndipo mdani wasuntha 6 × 0.4, mamita 2.4. Pa bwalo la radius ya mamita 8, mamita 2.4 ndi ambiri. Mdani amene mumamuona ali mamita 6 kuchokera pa inu akuthawa, pamene funde likutuluka amakhala ali pa 8.4, kunja. Inu n'kumati gemu yabera. Sinabere, mwaponya pamene panali munthu kale.

Magemu ambiri ali ndi njira yochepetsera vutoli, makamaka pa zipolopolo: seva imabwerera m'mbuyo pang'ono kuona pamene mdani anali pa sikirini yanu. Koma chala chanu palibe seva imene ingachifulumizitse, ndipo mdani amene wadina chishango chake lamulo lanu lili panjira, wakutsogolerani basi. Mankhwala ake ndi awa.

Chepetsani bwalo m'mutu mwanu. Ngati gemu ikuti mamita 8, inu muziti 5 kapena 6 pa mdani wothawa. Pa mdani wobwera kwa inu zimatembenuka: dinani asanafike m'mphepete, alowa yekha.

Sankhani adani amene sangasunthe msanga: wodzutsa mnzake, wodzimanga mabala, wobisala kuseri kwa khoma, wokwera masitepe. Liwiro likakhala ziro, 0 × 0.4 ndi ziro, ping ilibenso mano.

Ngati ping yanu ndi yokwera nthawi zonse, sankhani mphamvu zokuta malo aakulu kapena zokhalitsa, monga utsi. Ngowe ya Franco imafuna kulunjika pa munthu mmodzi, ndipo kuphonya ndi mita imodzi ndi kuphonya ndithu.

Samalaninso gawo la ping limene lili m'manja mwanu. Foni ikamatsitsa mavidiyo a pa WhatsApp kumbali, uthenga wa gemu umadikira pamzere. Hotspot imodzi ya anthu anayi imachitanso zomwezo. Madzulo anthu ambiri akakhala pa nsanja imodzi, mzere umatalika. Mapiri amatchinga mafunde, ndiye wa ku Thambani kapena ku Kunenekude amene ali kuseri kwa phiri saona ping yofanana ndi wa pa boma amene nsanja akuiona ndi maso. Malata ndi makoma okhuthala amafooketsanso funde, n'chifukwa chake pakhonde pamakhala bwino kuposa kuchipinda. Ndipo foni ikatentha, monga mmene zimakhalira mu October, imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Sikirini yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha pa mamilisekondi 17 alionse, ikatsikira pa 30 imasintha pa 33 alionse. Ameneyo ndi mdani winanso wakuba nthawi yanu.

Tiziike pamodzi

Muli mu Clash Squad, anayi kwa anayi. Adani awiri abisala kuseri kwa gloo wall imodzi, mmodzi wavulala. Wachitatu ali padenga kutali, wachinayi simukumuona. Musanadine, dzifunseni mafunso anayi, mwachangu.

Ndigwira angati? Awiri, ndipo aima malo amodzi, ndiye ping siwapulumutsa.

Ali ndi choti ndiwalande? Wovulalayo sanagwiritse skill yake yochiritsa, ndiye inde.

Anzanga ali pati? Mmodzi ali mamita 10 kumanzere, ali mkati mwa malire a mamita 12 aja.

Ndikatha nditulukira kuti? Kumanja kuli mwala umene ungandibise kwa wa padenga uja.

Mayankho onse anayi akakhala bwino, werengani mokweza, lowani, dinani, thawirani kumwala. Mnzanu akagwetsa awiriwo, mwatsala anayi kwa awiri. Pa sikirini dzina lanu lingathe kukhala ndi ziro, koma aliyense womvetsa gemu adziwa amene anatsegula chitseko. Yankho limodzi likakhala ayi, sungani batani, sinthani malo, funsaninso.

Yeserani nokha

1. Yezani kufulumira kwa chala chanu. Mnzanu agwire rula ya masentimita 30 choimika, ziro ili pakati pa chala chanu chachikulu ndi chamkombaphala, osaikhudza. Aisiye mosakuchenjezani, inu muigwire. Gwiritsani ntchito d = ½gt², g akhale 10. Mukaigwira pa masentimita 20, ndiye kuti t ndi masekondi 0.2. Yesani kasanu n'kupeza avereji. Kenaka yesaninso usiku mutatopa, muone kusiyana.

2. Tengani nambala mwapezayo, onjezerani ping ya foni yanu mutaisandutsa masekondi, n'kuchulukitsa ndi mamita 6 pa sekondi. Amenewo ndi mamita oti muzichotsa pa bwalo lanu.

3. Kulungani foni m'pepala la aluminiyamu mosasiya mpata, kenaka muiimbire ndi foni ina. Bwerezani mutasiya kampata pang'ono. Chitsulo chozinga chinthu mbali zonse chimatchinga mafunde, ndipo amachitcha Faraday cage. Ndi mmene akatswiri amatetezera zipangizo ku EMP yeniyeni. Fotokozani chifukwa chake kampata kamasintha zinthu.

4. Character wina ali ndi radius ya mamita 10, zenera la masekondi 3 ndi cooldown ya masekondi 75. Wina ali ndi mamita 6, masekondi 5 ndi cooldown ya 50. Pezani kukula kwa bwalo la aliyense, komanso gawo la nthawi imene mphamvu yake imakhala ikugwira ntchito. Mukanasankha uti ping yanu itakhala 200? Nanga itakhala 40? Perekani zifukwa.

Funso lachinayi lilibe yankho limodzi, ndiye kambiranani m'magulu, aliyense ateteze chisankho chake ndi manambala. Bweretsani zimene mwapeza ku kalabu ya sayansi. Ndipo amene mayeso ali pafupi, masamu omwewa a liwiro, mtunda ndi nthawi ndi amene akukudikirirani pa pepala, ndiye yambani ndi kope, gemu ibwere pambuyo.